Chaka Si Mzimbe

Kalata yafika Lachiwiri, dzuwa la ku Nchalo lili paliwombo.
Mnyamata wa kabaza waipereka ndi manja awiri
ngati uthenga wa maliro.
Pa envulopu alemba: Zuze ndi Donata Golosale.
Woweruza anatilekanitsa mvula isanagwe
koma a msonkho sanamve.
M'mabuku mwawo tikugonabe mphasa imodzi.

Ankhoswe anawerenga zonse tsiku lija:
mbale, makasu, firiji, njinga yamoto,
ng'ombe zinayi ndi thole la chipsera pamphumi.
Anakangana za wailesi mpaka mthunzi unasamuka.
Palibe anafunsa kuti ngongole ya boma
ipita ndi ndani.
Inatsala pa shelefu, kuseri kwa sopo,
kudikira amene sachoka.

Ndakhala pa benchi ya ofesi, jumbo ya malisiti pamiyendo.
Fani ikupukusa mutu, kukanira aliyense.
Kalaliki ndi mwana wa dzana, magalasi pamphuno.
Akuti, mayi, bizinesiyi ndi ya ndani?
Ndikuti funsani msana wanga,
ndiwo unakweza matumba a mchere padenga
chaka chimene Shire analowa m'sitolo osaodira.
Akuti msana sulowa m'kompyuta, mayi.
Nambala ili m'dzina la bambo.

Bamboyo ali ku Bangula.
Foni yake imalira, imalira, kenako imatopa.

Miyezi isanu ndi iwiri tinagulitsa tili awiri,
isanu ndagulitsa ndekha.
Akuti chakacho muchidule pamene banja linathera,
zake uko, zanu uku,
mubwere ndi chikalata cha kukhoti.
Chaka si mzimbe, mwanawe,
choti uthyole pa bondo, mfundo n'kuonekera.
Banja linatha liti?
Tsiku la chidindo?
Kapena usiku umene anasiya kufunsa
kuti lero tagulitsa zingati?

Usiku ndayala malisiti pamkeka, tochi kukamwa,
udzudzu ukundithandiza kuwerenga.
Nali la Epulo: mabelo atatu a shuga,
seveni wake wovala lamba pakati,
dontho la tiyi pangodya. Tinkaseka tsiku limeneli,
sindikumbukanso chifukwa chake.
La Juni, mafuta ophikira, zolemba zayamba kuthamanga.
La Ogasiti,
zitenje ziwiri ndi nsapato sayizi faifi.
Ine ndimavala seveni.
Ndalitembenuza, ndaliyang'ana kumbuyo ngati lisintha.
Kodi ili lilowe pati, akalaliki?
Pa zogula za bizinesi
kapena pa zotayika?

Nditabwererako Lachisanu andipatsa fomu yatsopano,
yoyera ngati thonje la ku Ngabu lisanagwe pansi.
Timabokosi tating'ono, chilembo chimodzi chimodzi.
Pa dzina lachiwiri dzanja lathamangira kwa Zuze
monga ng'ombe yodziwa khola lakale.
Ndaligwira.
Ndalemba la atate anga, Alufandika,
zilembo khumi, zakwana bwinobwino.
Zaka khumi ndi zinayi lili m'sutikesi
koma njenjete sizinalidye.

Zakale akuti azitsata, amulembera kwake.
Kaya. Bangula si kumwamba.
Zanga ndapereka, ndalama za thukuta zofewa ngati masamba a bonongwe,
ndipo makina alavula kapepala
konena kuti Donata alipo,
amagulitsa mchere, machesi ndi usipa,
ndipo boma likumudziwa.
Sindimaganiza kuti msonkho ungandiitane dzina
mokoma chonchi.

Madzulo wabwera Fombe wopenta zikwangwani,
wakwera pa kreti, wakanda Zuze ndi mpeni.
Utoto wagwa ngati nkhanambo.
Watsala "ndi" yekha, ali pakati pa khoma,
akuyang'ana kumanzere kopanda munthu.
Fombe akuti nayenso ndichotse?
Chotsa.
Ukatha undilembere lisiti,
dzina langa lokha, deti ya lero.